Kodi kupatula mipando potengera caste kumagawanitsa midzi ya ku India?

Nachisale, Pune

Ndikupereka moni kwa nonse. Ndikuchita maphunziro a chitukuko cha kumidzi kuno ku Pune, m'chigawo cha Maharashtra ku India, ndipo ndabwera ndi funso lomwe lakhala likundizunguza mutu chibwerereni kutchuthi. Mnzanga wa m'kalasi ananditengera kwawo, kumudzi wolima nzimbe ndi anyezi, ndipo tinafika pa nthawi imene aliyense ankakamba za chisankho cha khonsolo ya mudzi, yomwe kuno amaitcha gram panchayat. Anthu ankakangana za mpando weniweniwo asanayambe n'komwe kukamba za munthu wodzakhalapo, chifukwa akuluakulu aboma anali atachita maere ku ofesi ya dera, ndipo maerewo anagwa moti mpando wa sarpanch, yemwe ndi wapampando wa khonsoloyo, ukhale wa mayi wochokera m'gulu la a Dalit, anthu amene kale ankatchedwa osakhudzidwa, kwa zaka zisanu zikubwerazi.

Bambo a mnzangayo ndi a gulu la Maratha, lomwe ndi lamphamvu m'chigawochi, ndipo ali ndi minda yambiri. Anandilandira ngati mwana wawo, koma nkhaniyi ikayambika nkhope yawo inkasintha. Iwo ankati kale mudzi wawo unali wogwirizana, ndipo boma ndi limene linadzetsa mpatuko pamene linayamba kuwerenga anthu m'magulumagulu ndi kugawa mipando potengera kumene munthu anabadwira. Madzulo ena amuna asanu anakhala pakhonde pawo kukambirana za mayi woti amuimike, ndipo dzina lomwe anagwirizana linali la mayi wina amene amagwira ganyu yopalira m'munda mwa mmodzi wa iwo. Mayiyo anaitanidwa. Anavula nkhwaira zake chapatali, anaima kunsi kwa masitepe ngakhale kuti mipando iwiri inali yopanda anthu, ndipo tiyi wake anamuthirira m'kapu yomwe inatengedwa pawindo, pamene makapu a ena tonsefe anabwera pathireyi. Palibe amene anamukalipira kapena kumunyoza, ndipo mwina n'chifukwa chake zinandivuta kwambiri kuzimvetsa.

Safunsa anadya phula. Kodi kupatula mipando kumeneku n'kumene kumagawanitsa midzi monga ananenera bambo aja, kapena magawanowo analipo kale? Nanga ngati wosankhidwayo amachita kusankhidwa pakhonde la eni minda chisankho chisanachitike, phindu lake ndi lotani?

Mphunzitsi Wopuma, Zomba

Anachisale, funso lanu ndi labwino, ndipo yankho la theka lake lili mumzinda womwe mukukhalawo. Koma ndiyambe ndi chenjezo pa mawu. Ife tikamva za magulu a anthu timafulumira kunena kuti mtundu, ndipo maganizo athu amathamangira kwa Achewa, Ayao ndi Angoni, omwe ndi anthu a zilankhulo ndi miyambo yosiyana koma palibe amene amati mnzake akakhudza chikho chake ndiye kuti chadetsedwa. Caste, kapena kuti jati m'kalankhulidwe ka eni ake, ndi chinthu china. Anthu olankhula chilankhulo chimodzi, okhala m'mudzi umodzi, nthawi zambiri opembedza milungu imodzimodzi, amasanjidwa wina pamwamba wina pansi kuyambira tsiku lobadwa, ndipo msanjowo umalamula yemwe ungamukwatire, ntchito yomwe makolo ako ankagwira ndi mbali ya mudzi kumene nyumba yako imamangidwa. A Dalit ndi amene anaikidwa pansi penipeni n'kumatchedwa osakhudzidwa, mchitidwe womwe gawo 17 la malamulo oyendetsera dziko la India linathetsa pa pepala mu 1950.

Tsono nkhani ya mumzinda wanu ndi iyi. Mu 1932 boma la Britain linavomera pempho la Dr B. R. Ambedkar, mtsogoleri wa a Dalit yemwenso anali wochokera m'gulu la Mahar la komweko ku Maharashtra, loti anthu ake azisankha okha aphungu awo pa kaundula wawo wapadera. Gandhi anakana, nayamba kusala kudya ali m'ndende ya Yerawada ku Pune, mpaka Ambedkar anagonja n'kusayina pangano la Poona Pact mu Sepitembala chaka chomwecho. M'panganolo a Dalit anapatsidwa mipando yochuluka kuposa yomwe anawalonjeza poyamba, koma anataya chinthu chomwe Ambedkar ankachifuna kwambiri: pa mpando wopatulidwa opikisana amayenera kukhala a Dalit, koma ovota ndi anthu onse a deralo. Dongosolo lomweli ndi limene linatsikira kumidzi. Choncho m'mudzi momwe a Dalit ndi ochepa, amene amapambana ndi wa Dalit wokomera anthu ochuluka, ndipo zimene munaona pakhonde paja zimachokera m'mapangidwe enieni a lamulolo.

Ambedkar sankaukhulupirira mudzi ngakhale pang'ono. Pa 4 Novembala 1948, polankhula ku msonkhano wolemba malamulo a dzikolo, anaufotokoza mudzi wa ku India ngati phanga la umbuli ndi tsankho, pamene otsatira Gandhi ankaona mudzi ngati maziko a ufulu wodzilamulira. Anagwirizana zoika makhonsolo a midzi m'gawo 40, lomwe limangolangiza boma popanda kulikakamiza. Ngakhale Nehru, nduna yaikulu yoyamba ya India, anatsegulira dongosolo la panchayat ku Nagaur m'chigawo cha Rajasthan pa 2 Okutobala 1959, zigawo zambiri zinkachititsa zisankho zikafuna, moti ku Bihar kunalibe chisankho cha makhonsolowa kuchokera mu 1978 mpaka 2001.

Zinthu zinasintha ndi kukonzedwa kwa malamulo kwa nambala 73, komwe kunayamba kugwira ntchito pa 24 Epulo 1993. Kuyambira pamenepo chisankho chiyenera kuchitika zaka zisanu zilizonse, pa mudzi, pa dera ndi pa boma. Gawo 243D likuti mipando ya a Dalit, omwe lamulo limawatcha Scheduled Castes, ndi ya a Adivasi, mitundu ya eni nthaka akale omwe limawatcha Scheduled Tribes, ipatulidwe molingana ndi chiwerengero chawo m'deralo, ndiponso kuti gawo limodzi mwa magawo atatu a mipando yonse, kuphatikizapo ya magulu awiriwa, likhale la amayi. Mipando ya apampando nayo imapatulidwa ndipo imazungulira kuchoka mudzi uno kupita mudzi wina, n'chifukwa chake munamva za maere. Kalembera wa 2011 anapeza kuti a Dalit ndi 16.6 peresenti ya anthu a m'dzikolo ndipo a Adivasi ndi 8.6 peresenti, ndiye mukaganizira kuti makhonsolo a midzi alipo opitirira 250,000 muona kukula kwa chinthuchi. Bihar inakweza gawo la amayi kufika pa theka mu 2006, ndipo zigawo zambiri, kuphatikizapo Maharashtra, zinatsatira.

Za bambo aja, ndingowafunsa mwaulemu kuti pamene mudzi unali wogwirizana, kapu ya pawindo ija inali kuti.

Jere, Lilongwe

Aphunzitsi, mbiri mwaifotokoza bwino ndipo sindikutsutsa kuti tsankho linalipo lamulo lisanabwere. Koma ndikuona kuti mwawapeputsa bambo aja, chifukwa pali zina zimene lamuloli linawonjezera pa moto womwe unalipo kale, ndipo walira mvula walira matope.

Taonani kuzungulira kwa mipando. Mayi amene Anachisale anamuona adzatha zaka ziwiri kapena zitatu akuphunzira kuwerenga bajeti, kudziwa ofesi yoyenera kugogoda ndi kuzindikira pepala loopsa kusayina. Akadzayamba kuidziwa ntchito, maere adzagwera gulu lina, ndipo iye sadzakhalanso ndi mwayi weniweni wopambana pa mpando wotseguka kwa aliyense. Munthu wodziwa kuti sadzabwereranso alibe chifukwa cholimbanirana ndi mwini munda amene adzamupatse ganyu zaka zisanuzo zikadzatha. Eni minda nawo amadziwa kuti n'kungodikira, choncho amaika munthu wawo pa mpando wa wachiwiri kwa wapampando ndi kugwirizana ndi mlembi wa khonsolo, basi ntchito n'kumayenda monga kale. Pa mipando ya amayi vutoli lili ndi dzina lodziwika dziko lonse, sarpanch pati, kutanthauza mwamuna wa sarpanch amene amayendetsa zonse, ndipo ngakhale nduna yaikulu Narendra Modi anadzudzula mchitidwewu poyera mu Epulo 2015.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi magulu apakati, omwe amatchedwa Other Backward Classes, kutanthauza magulu ena otsalira. Gawo 243D limalola zigawo kuwapatulira mipando nawonso, ndipo apa mpamene ndale zinalowerera mpaka m'khosi, popeza maguluwa ndi aakulu, ena mwa iwo ali ndi minda, ndipo ena ndi omwewo amene amapondereza a Dalit m'midzi. Khoti lalikulu la India linagamula mu 2010, pa mlandu wa K. Krishna Murthy, kuti kutsalira pa maphunziro ndi chuma sikufanana ndi kutsalira pa ndale. Mu Marichi 2021, pa mlandu wochokera ku Maharashtra komweko, khotilo linati chigawo chisanapatule mipando yotere chiyenera kukhazikitsa bungwe lofufuza, kutchula gawo loyenera khonsolo iliyonse payokha, ndi kuonetsetsa kuti mipando yonse yopatulidwira magulu isapitirire theka. Zotsatira zake n'zakuti makhonsolo ambiri a maboma ndi a mizinda m'chigawocho anakhala zaka zingapo opanda oimira anthu osankhidwa, akuyendetsedwa ndi ogwira ntchito m'boma, pamene andale ankakanganirana mapesenti. Gulu lililonse tsopano likufuna kulembedwa kuti ndi lotsalira, wopambana aliyense pa mpando wopatulidwa ayenera kuonetsa satifiketi ya caste yake yotsimikizidwa ndi komiti, ndipo wogonja amathamangira kukasuma kuti mnzakeyo ananama za agogo ake. Boma likamafunsa munthu satifiketi ya gulu lake pakhomo lililonse, kodi gululo lingafafanizike bwanji m'maganizo mwake? Ife kwathu kuno tinalawako mkangano wofananako pa nkhani ya kota ya ku yunivesite.

Ndipo phindu lake si lodziwikiratu. Akatswiri awiri, Thad Dunning ndi Janhavi Nilekani, anafalitsa kafukufuku mu 2013 yemwe anayerekeza makhonsolo a midzi, makamaka ku Karnataka, ndipo anapeza kuti kupatulira a Dalit kapena a Adivasi mpando wa wapampando sikunasinthe kwenikweni kagawidwe ka chithandizo, chifukwa amene ankagawa zinthu anali magulu andale omwe amasonkhanitsa anthu a jati zosiyanasiyana.

Nangondo, Blantyre

Bambo Jere, zambiri mwanenazo n'zoona, koma kota ya kwathu tiisiye pambali, chifukwa ija inali yogawa malo potengera boma lochokera ndipo palibe wophunzira amene anadulidwa mutu chifukwa cholowa m'kalasi. Ine ndinaphunzira unamwino ku Madurai, m'chigawo cha Tamil Nadu, ndipo tinkapita kumidzi kukachita sikelo ya ana ndi katemera. Kumeneko mudzi uli pawiri: mbali yaikulu yotchedwa ur, komwe kuli kachisi, sitolo ndi ofesi ya khonsolo, ndi mbali ya a Dalit yotchedwa cheri kapena koloni, yomwe imakhala chapatali, kawirikawiri kumene msewu wabwino wathera. Tikayala sikelo pansi pa mtengo wa ku ur, amayi a ku koloni ankabwera pomalizira penipeni, ena osabwera n'komwe, mpaka tinaphunzira kunyamula zipangizo n'kukayalanso kwawoko. Malire amenewo sanajambulidwe mu 1993.

Ngati mpando wa wapampando ukanakhala chidole chabe, anthu sakanaphana chifukwa cha iwo. M'boma la Madurai lomwelo muli mudzi wa Melavalavu, womwe mpando wake unapatulidwira a Dalit mu 1996. A gulu lamphamvu la m'deralo anaopseza ofuna kupikisana, chisankho chinalephereka kangapo, ndipo pamapeto pake K. Murugesan anasankhidwa koma ankaletsedwa kugwirira ntchito mu ofesi ya khonsolo. Pa 30 Juni 1997, akuchokera ku ofesi ya bwanamkubwa ku Madurai, basi yomwe anakwera inaimitsidwa panjira, ndipo iye pamodzi ndi anzake asanu anaphedwa ndi zikwanje dzuwa likuswa mtengo. Anthu 17 anagamulidwa kukhala kundende moyo wawo wonse, ngakhale kuti ambiri mwa iwo anatulutsidwa mu 2019.

Midzi ina inasankha njira yopanda magazi koma youma mutu chimodzimodzi. Ku Pappapatti, Keeripatti ndi Nattarmangalam m'boma la Madurai, ndiponso ku Kottakachiyendal m'boma la Virudhunagar, mipando inapatulidwa mu 1996 koma kwa zaka khumi makhonsolo sanayende. Nthawi zina palibe wa Dalit amene ankalimba mtima kupereka dzina lake, ndipo nthawi zina eni mudzi ankaimika munthu wawo, kumuvotera, kenako iye n'kutula pansi udindo atangolumbira kumene, zonsezi pofuna kuonetsa boma kuti lamulo lake silidutsa pamenepo. Chiyembekezo chawo chinali pa kuzungulira komwe mwatchula, Bambo Jere, chifukwa ku Tamil Nadu mipando imasintha pakatha zaka khumi, ndipo iwo ankawerengera kuti 2006 ikakwana mpando ubwerera kwa eni ake. Boma la Karunanidhi, yemwe anali nduna yaikulu ya chigawocho, linakana kusuntha mipando ya midzi inayiyo, akuluakulu aboma anayenda m'midzimo kukambirana ndi mbali zonse, ndipo mu Okutobala 2006 apampando a Dalit anasankhidwa n'kukhala pa udindo. Apa ndikugwirizana nanu kuti kuzungulira kofulumira kumafooketsa wosankhidwayo, koma phunziro lomwe ndikutolapo ndi losiyana ndi lanu, chifukwa chimene chinathandiza ndi kukakamira pa mpandowo mpaka otsutsa atatopa.

Sindikunena kuti nkhondoyo inatha. Mu Okutobala 2020 chithunzi cha m'boma la Cuddalore chinafalikira dziko lonse, choonetsa mayi wa Dalit yemwe anali wapampando atakhala pansi pa simenti pa msonkhano wa khonsolo yake, mamembala ena ali pamipando. Koma onani chomwe chinatsatira: mlembi wa khonsolo anaimitsidwa ntchito ndipo apolisi anatsegula mlandu pogwiritsa ntchito lamulo la 1989 loteteza a Dalit ndi a Adivasi ku nkhanza. Agogo a mayi ameneyo anakhala pansi moyo wawo wonse popanda wojambula kapena wofunsa. Kukhala pansiko kunasanduka mlandu chifukwa chakuti iye anali ndi mpando woti alandidwe.

Pa za kafukufuku, ulipo wina wokokera mbali inayi. Timothy Besley, Rohini Pande ndi anzawo anapeza mu 2004, m'midzi ya kummwera kwa India, kuti mabanja a Dalit ndi a Adivasi ankapeza mosavutirapo chithandizo cholunjika pakhomo, monga nyumba ndi zimbudzi, pamene wapampando anali wa magulu awo. Wina amene amandigwira mtima ndi wa Simon Chauchard, yemwe anafufuza ku Rajasthan n'kupeza kuti anthu a magulu apamwamba okhala pansi pa sarpanch wa Dalit sanasinthe zimene amaganiza za a Dalit mumtima, koma anasintha zimene amakhulupirira kuti n'zololedwa kuwachitira, popeza anayamba kuona kuti chipongwe chingawafikitse kupolisi. Kwa munthu wofuna chikondi zimenezi n'zochepa, koma mayi wokatunga madzi pamjigo safuna kuti amukonde, amafuna kuti ndowa yake isakankhidwe.

Mphunzitsi Wopuma, Zomba

Ndiwonjezere kanthu kamodzi pa mawu a Anangondo, kuti tione mmene otsutsa amasinthira njira. Mu 2015 chigawo cha Haryana chinakhazikitsa lamulo loti wopikisana pa chisankho cha panchayat akhale wophunzira kufika kalasi 10, kapena kalasi 8 ngati ndi mayi kapena wa Dalit, kapenanso kalasi 5 ngati ndi mayi wa Dalit wofuna mpando wa membala wamba wa khonsolo ya mudzi, akhale ndi chimbudzi pakhomo ndiponso asakhale ndi ngongole ya magetsi, ndipo khoti lalikulu linavomereza lamuloli mu Disembala chaka chomwecho. Zikumveka zanzeru, koma anthu amene anamanidwa sukulu kwa mibadwomibadwo ndi omwewo amene lamulo lotere limawatsekera kunja, moti mpando umakhalabe wopatulidwa pamene oyenera kuupikisanira achepa. Rajasthan inali ndi lamulo lofanana ndi limeneli ndipo inalichotsa mu 2019. Bambo Jere, mukawerengera zolakwa za kupatula mipando muziwerengeranso minga yomwe ena amaika panjira mwadala, kuti tisaimbe mlandu khasu pamene wina wathyola mpini.

Nachisale, Pune

Zikomo kwambiri nonse, makamaka Aphunzitsi chifukwa cha nkhani ya Yerawada, ndende yomwe ndakhala ndikuidutsa pa basi osadziwa kuti funso langa linayambira m'kati mwa mpanda wake. Bambo Jere, mfundo yanu ya wachiwiri kwa wapampando yakwaniritsidwa ndendende. Ndalankhula ndi mnzanga uja dzulo, ndipo akuti mayi aja anapambana, wachiwiri wawo ndi mphwake wa mwini munda womwe amagwirako ganyu, ndipo chidindo cha khonsolo chimagona m'thumba la malaya a mnyamatayo.

Koma pali china chimene chawakwiyitsa amuna a pakhonde aja. Mayiwo ali ndi mwana wamkazi yemwe ali ku sekondale, ndipo akukana kusayina pepala lililonse mwanayo asanawawerengere mokweza kuyambira pamwamba mpaka pansi. Sabata yatha anabweza mndandanda wa mabanja olandira nyumba za boma chifukwa munali dzina la munthu yemwe ali kale ndi nyumba ya njerwa ndi thirakitala, pamene mayi wamasiye wa kumbali kwawo munalibe. Sanakangane ndi munthu, anangoti maso awo akuwawa ndipo adzasayina tsiku lina. Bambo a mnzanga akuti mayiwo ayamba mwano ndipo pakumveka kale zosonkhanitsa mamembala kuti awachotse ndi voti yosonyeza kuti sakuwakhulupirira, pomwe mnzangayo, yemwe pamaso pa bambo ake sanena kanthu, anandiuza nkhaniyi akuseka.

Pa 26 Januwale kudzakhala gram sabha, msonkhano wa ovota onse a m'mudzimo, ndipo mndandanda uja uyenera kukawerengedwa pagulu. M'mawa wa tsiku lomwelo, lomwe ndi tsiku lachikondwerero cha dziko lonse la India, mbendera idzakwezedwa pa ofesi ya khonsolo, ntchito yomwe mwamwambo ndi ya sarpanch. Ndapempha kale chilolezo kusukulu ndipo tikiti ya basi ndagula, chifukwa ndikufuna kukaona ndekha amene adzagwire chingwe cha mbenderayo ndi pamene mayiwo adzakhale msonkhano ukadzayamba.